Kuyaka kwa Babu Si Umboni Wakuti Nyumba Ili Bwino

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma ndipo alimi akayamba kulandira ndalama za mabelo awo, m'midzi ndi m'misika ya boma la Kasungu mumamveka phokoso la hamala ndi malata. Ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama, ku Nkhamenya ndi ku Chatoloma anthu amaotcha njerwa, namanga nyumba, masitolo ndi zigayo. Ichi ndi chinthu chokondweretsa ndithu, pakuti munthu amene watha chaka chathunthu akuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya ayenera kugona pabwino. Koma pali ntchito imodzi imene imadza pa mapeto, thumba litapepuka kale, ndiyo yoika mawaya a magetsi. Ndipo popeza imadza pa mapeto, mwini nyumba amaichepetsera ndalama, naipereka kwa aliyense amene watchula mtengo wotsika.

Mmisiri wotereyo akatsiriza ntchito yake amayatsa swichi, babu nkuwala, ana nkuomba m'manja, iye nkulandira malipiro ake ndi kupita. Anthu ambiri amayesa kuti kuwalako ndiwo umboni wa ntchito yabwino. Si choncho ayi. Babu limayaka ngakhale pa waya woonda kwambiri, ngakhale pa mfundo yongopota ndi zala, ngakhale m'nyumba imene mulibe chotetezera chilichonse. Womanga khoma akalakwa, khoma limapendama ndipo aliyense amaona. Koma cholakwa cha wamagetsi chimabisala m'pulasitala ndi kudenga, chikhoza kukhala chete zaka zisanu, ndi kudzaonekera usiku umodzi anthu ali m'tulo.

PAMENE NTCHITO YA BOMA IMALEKEZA

Boma lachita zambiri kuti magetsi afike kwa anthu. Makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo kuyambira mu 1980 ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, yodziwika ndi dzina lakuti MAREP, yakhala ikuimika mapolo m'misika ndi pa sukulu ndi zipatala zakutali. Ngakhale ndi choncho, kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja ounikira ndi magetsi m'dziko lino anali ngati 11 okha pa 100 alionse. Mu 2019 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 150 miliyoni zothandiza kulumikiza nyumba zambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti m'boma la Kasungu, mmene kalembera yemweyo anawerenga anthu oposa 800,000, mabanja ochuluka akulandira magetsi koyamba, ndipo alibe makolo kapena anansi amene angawaphunzitse kusiyana kwa ntchito yabwino ndi yoipa.

Tsono chimene anthu ayenera kumvetsa ndi ichi: bungwe la ESCOM limabweretsa magetsi kufikira pa mita, ndipo pamenepo udindo wake umalekeza. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, waya aliyense, swichi iliyonse ndi soketi iliyonse ndi za mwini nyumba. Nchifukwa chake Nyumba ya Malamulo mu 2004 inakhazikitsa malamulo oyendetsera za mphamvu ndi magetsi, amene anabala bungwe la MERA. Bungweli ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya, m'magulu osiyana molingana ndi kukula kwa ntchito imene munthu angaithe. Ndipo nyumba isanalumikizidwe pamafunika chikalata chosonyeza kuti mawaya ake anaikidwa ndi munthu wa chiphaso chotero.

Malamulo a kaikidwe ka mawaya sanalembedwe kuti avutitse wosauka. Dziko lino linatengera machitidwe a ku Britain, monga zimaonekera pa pulagi ya mano atatu aphwatalala ndi mphamvu ya mavolti 230. Kumeneko malamulo oyamba anatuluka mu 1882, ndipo cholinga chake chinalembedwa pa mutu pomwe, ndicho kuletsa moto wochokera ku nyale za magetsi. Kuyambira pamenepo akhala akukonzedwa kawirikawiri, kufikira buku la nambala 18 limene linatuluka mu 2018. Ndime zambiri za m'bukumo zinalowamo chifukwa kwina kwake nyumba inapsa kapena munthu anafa. Wonyozera malamulowo akunyozera maliro a anzake. Ndipo akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

WAYA WOONDA NDI FYUZI YONAMA

Cholakwa choyamba, chimenenso chili chofala koposa, ndi cha kukula kwa waya. Magetsi akamayenda mu waya amamutenthetsa, ndipo waya woonda amatentha msanga kuposa wonenepa. Chifukwa chake amisiri ophunzira amaika waya wa 1.5 mm² ku mababu, wa 2.5 mm² ku masoketi, ndi wa 6 mm² kapena woposerapo ku kuka yophikira. Koma mmisiri wofuna kupulumutsa ndalama amagula mpukutu umodzi wa 1.5, nazunguliza nyumba yonse. Nyumbayo imakhala bwino masiku onse amene mwini wake akungoyatsa mababu ndi wailesi. Chaka chimene fodya wagulidwa bwino, mayi nkugula hotipuleti, ketulo ndi nsimbi ya magetsi, ndi chaka chimene waya uja amayamba kupsa m'khoma.

Chiwerengero chake si chovuta, ndipo mphunzitsi aliyense wa masamu angachilembe pa bolodi. Soketi imodzi, kapena ekisitenshoni imodzi, inapangidwa kunyamula maampeya 13, ndiwo mawati ngati 3,000. Ketulo ya mawati 2,000, hotipuleti ya mawati 1,500 ndi nsimbi ya mawati 1,200 zikayaka pamodzi zimafuna mawati 4,700, ndiwo maampeya oposa 20. Zitatuzi zikalumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi, monga zimachitikira m'nyumba zimene chipinda chonse chili ndi soketi imodzi yokha, katunduyo wapyola kale muyeso. Soketi yoda m'mbali, pulagi yotentha poigwira ndi fungo la pulasitiki wopsa ndizo zizindikiro zake.

Palinso chinthu china chimene amisiri ambiri amaiwala m'dera lotentha. Miyeso ya m'mabuku imawerengera kuti waya ali pa malo otentha madigiri 30, ndipo chikopa chake cha pulasitiki sichiyenera kupyola madigiri 70. Malo akatentha kufika madigiri 50, waya yemweyo amanyamula bwino magawo 7 okha mwa 10 a katundu wake. Aliyense amene anakwerapo kudenga kwa nyumba ya malata masana a mu Okutobala pa chigwa cha Kasungu akudziwa kuti kumeneko ndi ng'anjo. Waya wongogonekedwa pa mitengo ya denga, wokhudza malata, wopanda paipi, amauma chikopa chaka ndi chaka mpaka chimasweka.

Waya akalemedwa, mlonda wake ndi fyuzi kapena breka, imene ntchito yake ndi kudula magetsi waya asanapse. Pamenepa ndi pamene pamachitika cholakwa choopsa koposa. Breka ikamagwa kawirikawiri, mwini nyumba amaiyesa yoonongeka, naitana munthu kuti aikepo yaikulu. Fyuzi ikapsa, wina amamangapo waya wa mkuwa, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Magetsi amasiya kuzima, ndipo banja limathokoza. Koma breka ija sinali kudwala. Inali kunena zoona. Kuika breka ya maampeya 32 pa waya wa 1.5 ndiko kuchotsa mlonda pa chipata chifukwa chakuti amakuwa usiku. Kuyambira tsiku limenelo chimene chidzapsa poyamba si fyuzi ayi, koma waya wa m'khoma.

Pa zonsezi pamaonjezeka katundu wachinyengo. M'misika mumapezeka waya wooneka ngati mkuwa kunja koma mkati muli aluminiyamu, chitsulo chimene chimapititsa magetsi ngati magawo 6 okha mwa 10 a mkuwa wa kukula komweko. Akampala ndi mpeni amaoneka woyera, ndipo mpukutu wake umapepuka m'manja. Bungwe loona za miyeso ya katundu la MBS, limene linakhazikitsidwa mu 1972, lilipo chifukwa cha zinthu zotere. Koma silingaime pa sitolo iliyonse, ndipo wogula amene amafunsa mtengo wokha osafunsa kumene katundu wachokera amadzigulira yekha tsoka.

MFUNDO, MAKOSWE NDI FODYA WOUMA

Moto wambiri wa magetsi suyambira pakati pa waya, koma pa mfundo. Lamulo limafuna kuti mawaya awiri alumikizidwe ndi zomangira za sikuluu m'kabokosi kotseka, pa malo oti munthu angafikepo kukaona. Mmisiri wothamanga amangopota nsonga ziwiri, nakulunga ndi tepi, kapena ndi pepala la pulasitiki, nakankhira kudenga. Mfundo yotere imamasuka ndi kutentha ndi kuzizira, imachita dzimbiri m'nyengo ya dzinja, ndipo imayamba kuthetheka pang'onopang'ono. Breka siimva kanthu, pakuti magetsi odutsa pamenepo si ambiri. Koma kutentha kwa pa mfundoyo nkokwanira kuyatsa mtengo wouma. Chimodzimodzi ndi waya wopanda pulagi amene amamlowetsa mu soketi ndi kumpanikiza ndi machesi.

Ku Kasungu chiopsezo chimenechi chimakula chifukwa cha zimene anthu amasunga m'nyumba. Matumba a chimanga ndi mtedza amaitana makoswe, ndipo khoswe amatafuna chikopa cha waya monga amatafunira thumba. Koposa zonse pali fodya. Tsamba la bale likauma m'chigafa, ndipo likasankhidwa ndi kumangidwa m'mabelo a ziguduli, siliyembekeza moto wachiwiri. Alimi ena, pofuna kusankha fodya usiku, amakoka waya kuchokera m'nyumba kupita ku chigafa cha udzu, kumpachika pa misomali ndi pa nthambi za mitengo, babu nkulendewera pafupi ndi masamba. Ena amakwirira pansi waya wa m'nyumba kuti apereke magetsi kwa mnansi kapena ku nyumba za antchito, kumene khasu la mwana lidzam'peza tsiku lina. Mlimi wochita zotere waika thukuta la chaka chonse, ndi ngongole ya feteleza yomwe, pansi pa mfundo imodzi ya tepi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndipo belo limene silinafike pa okushoni likadali pachala.

WAYA WACHITATU

Mu soketi muli mawaya atatu. Awiri ndiwo amayendetsa magetsi. Wachitatu, wobiriwira ndi wachikasu, amene amisiri amamutcha earth, sachita kanthu masiku onse kufikira tsiku la ngozi. Waya wa moto akakhudza chitsulo cha firiji, cha kuka kapena cha giza, wachitatuyu ndiye amapereka njira yakuti magetsi athawiremo ndi kugwetsa breka. Popanda iye, njira imene magetsi adzapeza ndi thupi la munthu woyamba kugwira chitsulocho. Koma popeza nyumba imawala ngakhale iye palibe, ndiye amene amayamba kusiyidwa: ena samukoka konse, ena amamudula m'kabokosi, ena amakhoma kachitsulo kafupi kunja kwa khoma kuti woyendera aone.

Ndodo ya earth imagwira ntchito molingana ndi chinyezi cha nthaka. Dothi la mchenga la m'madera ambiri a chigwa cha Kasungu limauma kwambiri kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula yoyamba, ndipo ndodo yaifupi imene inali bwino mu Febuluwale ikhoza kukhala yopanda pake mu Okutobala. Maso sangadziwe zimenezi. Chimadziwa ndi chipangizo choyezera chokha.

Ngakhale earth ali bwino, breka wamba imateteza waya, siiteteza munthu. Babu la mawati 60 limakoka mamiliampeya ngati 260, pamene mamiliampeya 50 okha akadutsa pa chifuwa akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima. Breka ya maampeya 20 siingamve kuti munthu akufa. Nchifukwa chake pali chipangizo chotchedwa RCD, chimene chimadula magetsi m'kuphethira kwa diso chikaona kuti mamiliampeya 30 asochera. Chili ndi batani loyesera limene mwini nyumba ayenera kudina nthawi ndi nthawi. Mtengo wake sufika pa mtengo wa firiji imene anthu amagula mosadandaula, komabe m'mabokosi ambiri ogawa magetsi mulibe, kapena chinachotsedwa chifukwa chinali kugwagwa pamene giza inali kutaya magetsi m'madzi osamba.

Cholakwa china chobisika ndi kuika swichi pa waya wobwerera m'malo mwa waya wa moto. Babu limazima monga mwa masiku onse, koma chotengera chake chimakhala ndi moto, ndipo mwana wotumidwa kukasintha babu amagwidwa ali pa mpando. Kusokoneza kumeneku kwakula chifukwa mitundu ya mawaya ilipo iwiri: m'nyumba zakale wa moto ndi wofiira ndipo wobwerera ndi wakuda, pamene mu waya watsopano wa moto ndi wofiirira ngati dothi ndipo wobwerera ndi wabuluu. Munthu wosaphunzira woonjezera chipinda pa nyumba yakale amakumana ndi mitundu inayi m'kabokosi kamodzi, nangolota.

JENERETA NDI SOLA

Zaka za kuchepa kwa magetsi zinaonjezera zolakwa zatsopano. Mu 2018 majenereta a dizilo anaikidwa pa Chinyama ku Kasungu komweko kuti athandize dziko pamene madzi a mu Shire anachepa, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mamegawati ngati 130 kufikira mu 2023. Pa zaka zimenezo eni masitolo ndi mabanja ambiri anagula majenereta awoawo. Lamulo limafuna swichi yosinthira, imene imadula nyumba ku mawaya a ESCOM jenereta isanalowe. Koma ena amangopanga waya wa mapulagi awiri, nalowetsa jenereta pa soketi. Magetsi otero amatuluka pa mita kubwerera ku polo, ndipo thiransifoma ikhoza kuwakweza kufika mavolti zikwi zambiri pa nthambo imene wantchito akuikonza ali ndi chikhulupiriro chakuti yazimitsidwa. Munthu amene angafe pamenepo ndi mwana wa eni, wosadziwa nkomwe sitolo imene yamupha.

Sola nayo anthu amaiyesa yosaopsa popeza batire lake ndi la mavolti 12. Nzoona kuti siligwira munthu. Koma batire lingathe kutulutsa maampeya mazana ambiri mawaya ake akakhudzana, ndipo waya wopanda fyuzi pafupi ndi batire amafiira ngati khala pansi pa denga la udzu.

SAINI YA MUNTHU WOSAONA

Zolakwa zonsezi zili ndi mankhwala amodzi, ndiwo kuyeza. Mmisiri woona asanasaine chikalata amayeza ngati waya wa earth wafika pa soketi iliyonse. Amayeza chikopa cha mawaya ndi mavolti 500 kuti aone ngati sichikutaya. Amayeza ngati swichi zili pa waya wa moto. Amayeza ndodo ya pansi. Amayeza ngati RCD ikugwa pa nthawi yake. Ndipo amalemba manambala amene wapeza. Ntchito imeneyi imafuna zipangizo ndi maola angapo. Choopsa chimadza pamene ntchito yagwiridwa ndi munthu wopanda chiphaso, ndipo wa chiphaso wangogulitsa saini yake osaponda pa khomopo. Pamenepo pepala lilipo, chidindo chilipo, koma nyumba sinayezedwe. Mwini nyumba amene wavomera zotere wanyenga Boma tsiku limodzi, koma wanyenga ana ake zaka zonse zimene adzagonamo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza antchito a Boma ndi aphunzitsi. Iwo ndiwo amasaina kuti ntchito ya kontalakitala yatha ndipo alipidwe. Iwo ndiwo amakhala m'makomiti omanga midadada ya sukulu ndi zipatala zazing'ono. Iwo ndiwo amagona m'nyumba za Boma zimene zina mawaya ake anaikidwa pamene katundu wa m'nyumba anali mababu ndi wailesi yokha. Ndipo iwo ndiwo amasunga makiyi a zipinda zogona ana asukulu, mmene mawindo ali ndi zitsulo, chitseko ndi chimodzi, ndipo ana amabisa mawaya otenthetsera madzi pansi pa matiresi. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pa 18 Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, mabuku ngati 45,000 nkusanduka phulusa usiku umodzi. Mphunzitsi wamkulu aliyense ayenera kudzifunsa chimene sukulu yake ingataye pa usiku wotero, ndi chaka chimene mawaya ake anayezedwa komaliza. Ku Britain amalangiza kuti sukulu iyezedwe zaka 5 zilizonse, ndi nyumba yokhalamo zaka 10 zilizonse kapena pamene wokhalamo wasintha. Muyeso umenewo sungalemere ofesi ya Bwanamkubwa kapena ya maphunziro ikauika m'ndondomeko ya chuma cha chaka.

Sikofunika kuti kalaliki kapena mphunzitsi akhale mmisiri. Zimene angachite ndi zochepa ndi zomveka. Aone chiphaso cha MERA ndi maso ake, ndipo atsimikize kuti dzina lili pamenepo ndi la munthu amene akugwira ntchitoyo kapena kuiyang'anira. Ayendere ntchito pulasitala asanapake, mapaipi ndi timabokosi zikadaoneka. Afunse pepala la zoyeza lokhala ndi manambala, ndipo asasaine malipiro otsiriza lisanafike. Aonetsetse kuti breka iliyonse yalembedwa chipinda chimene imadyetsa, ndi kuti mlonda ndi ana aakulu akudziwa pamene pali swichi yaikulu. Aphunzitse ana kuti moto wa magetsi sauthira madzi magetsi asanazimitsidwe, ndi kuti munthu wogwidwa samukoka ndi manja koma ndi mtengo wouma. Ndipo anyamata a m'midzi amene aphunzira ntchitoyi pongoonera anzawo asanyozedwe, koma alimbikitsidwe kupita ku sukulu za luso zimene bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira kuyambira mu 1999, kuti akayesedwe ndi kulandira mapepala. Pakuti boma lalikulu ngati Kasungu likusowa amisiri a chiphaso ambiri, ndipo pamene palibe wa chiphaso wapafupi anthu adzapitabe kwa wopanda.

Mapolo adzapitirira kuimikidwa, ndipo midzi imene lero ikuunikira tochi idzalumikizidwa. Mbali imeneyo ndi ya Boma. Mbali yotsala ili kuseri kwa mita, ndipo ili m'manja mwa mlimi amene akugawa ndalama zake za fodya, mmisiri amene akugwira cholembera pa chikalata, ndi mkulu wa ofesi kapena wa sukulu amene akuvomereza malipiro. Mlimi aike padera ndalama za mawaya pa tsiku lomwe akugula malata, zisanathere ku utoto ndi mipando. Ndipo pasapezeke wolandira nyumba, kalasi kapena chipatala chifukwa chongoona kuti babu layaka.